Okwera njinga ku Khombedza apatsidwe njira yawoyawo

Aliyense amene amayenda pamsewu wa M5 kuchoka pa Kaphatenga kulowera ku Nkhotakota akudziwa kuti chochuluka pamsewuwu, makamaka mukamayandikira pa Khombedza, ndi njinga yakapalasa. A kabaza amakhala atanyamula anthu opita kuchipatala, ana asukulu atakwezana awiriawiri, ochita geni ya nsomba atamangirira madengu a usipa ndi utaka kuchokera kunyanja, alimi atasanjikiza matumba a chimanga, mpunga kapena thonje pakaliyala. Onsewa amalimbirana phula limodzi ndi mabasi, maminibasi ndi malole olemera.

Kwa zaka zambiri dandaulo la anthu a m'mphepete mwa nyanja lidali la maenje komanso kudyeka kwa msewuwu m'mbali. Ntchito yokonza msewu kuchoka pa Kaphatenga kudutsa ku Benga mpaka ku Dwangwa itayambika, aliyense adakondwa, ndipo m'pomveka. Koma akuluakulu adati walira mvula walira matope. Maenje aja, ngakhale ankathyola masipuling'i a galimoto, ankakakamiza madalaivala kuponda mabuleki. Msewu wosalala umaitana liwiro, ndipo liwiro likachuluka woyamba kupwetekeka ndi amene alibe chitsulo chomutchinga, ndiye woyenda pansi ndi wapanjinga.

Maganizo anga ndi akuti khonsolo ya Salima, bungwe la Roads Authority ndi mafumu a kwa Khombedza ayambe kukonza njira zapadera za njinga ndi oyenda pansi, zothira nsangalabwi n'kutsendera bwino, zoti galimoto isamapondemo. Dziko la France lakhala likuchita zimenezi m'midzi yake kwa zaka zoposa 25, ndipo zifukwa zimene ife tili nazo n'zazikulu kuposa zawo.

Zimene adachita ku France

Ku France njira zoterezi amazitcha voie verte, kutanthauza njira yobiriwira. Yoyamba yodziwika bwino idatsegulidwa mu 1997 pakati pa matauni aang'ono a Givry ndi Cluny m'chigawo cha Burgundy. Ndi yotalika makilomita 44 ndipo idayalidwa pomwe kale padali njanji imene idasiya kugwira ntchito. Mu 2004 boma lidaika njirazi m'malamulo a pamsewu, kuti ndi za njinga, oyenda pansi ndi okwera pahatchi. Galimoto wamba siloledwa.

Zina mwa njirazi adazithira phula, koma zina ndi zadothi losakaniza ndi miyala yosinja, lotsendera ndi makina. Zotere zimapezeka kwambiri m'mphepete mwa ngalande zikuluzikulu zimene makolo awo adakumba kuti muziyenda mabwato a katundu, monga ngalande yochoka ku Nantes kupita ku Brest. Kale m'mbali mwa ngalandezi munkayenda akavalo okoka mabwatowo ndi zingwe. Akavalo atatha ntchito, tinjira tawo tidasanduka njira za njinga. Lero munthu akhoza kupalasa makilomita oposa 1 200 kuchoka ku Roscoff kukafika ku Hendaye pamalire ndi dziko la Spain, mbali yaikulu ya ulendowo osakumana ndi galimoto. Mtunda umenewu ukuposa ulendo wapamsewu wochoka ku Nsanje kukafika ku Karonga.

Pali zinthu zitatu zofunika kutolapo. Choyamba, iwo sadayambe ndi kulanda minda ya anthu. Adayang'ana malo amene adalipo kale, njanji zakufa ndi tinjira ta akavalo, n'kuwakonza. Chachiwiri, adamanga mfundoyi ndi lamulo. Kuyambira mu 1996 lamulo lawo limati msewu wa m'tauni ukamamangidwa kapena kukonzedwanso, pazikhalanso njira ya njinga. Chachitatu chikuchokera ku ziwerengero zawo za ngozi. Mu 2022 anthu 245 okwera njinga adafa pamisewu ya ku France, ndipo oposa theka adafera pamisewu ya kunja kwa matauni, kumene galimoto n'zochepa koma zimathamanga. Msewu wa M5 pa Khombedza ndi wamtundu womwewo.

Kusiyana kwathu ndi iwo kuli pa ntchito ya njinga. Ambiri opalasa m'njira za kumidzi ya France amakhala ali patchuthi, akuwongola miyendo ndi kuona malo, galimoto atasiya kunyumba. Kuno njinga ndiyo ambulansi, ndiyo lole ya mlimi, ndiyonso basi ya mwana wa sekondale yoyendera. Kafukufuku wa zaumoyo ndi chiwerengero cha anthu wa 2015 mpaka 2016 adapeza kuti mabanja pafupifupi anayi mwa khumi alionse m'dziko muno ali ndi njinga yakapalasa, pomwe okhala ndi galimoto ndi ochepa zedi. Boma la Salima lokha lidali ndi anthu 478 346 pakalembera wa 2018, ambiri mwa iwo akumudzi. Ngati dziko lolemera lidaona kuti n'koyenera kuteteza munthu wopalasa mwachisangalalo, nanga ife tingalephere bwanji kuteteza wopalasa pofuna chakudya cha ana?

Chifukwa chake liwiro limapha

Lipoti la bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO la 2023 lidati ngozi zapamsewu zimapha anthu pafupifupi 1.19 miliyoni pachaka, ndipo ndizo zikutsogola pakupha ana ndi achinyamata a zaka zapakati pa 5 ndi 29. Oposa theka la omwalirawo ndi oyenda pansi, okwera njinga zakapalasa ndi okwera njinga zamoto. Muno mu Africa ngozizi zimapha anthu pafupifupi 19 mwa anthu 100 000 alionse pachaka, pomwe ku Ulaya ndi anthu pafupifupi 7, chikhalirecho galimoto zambiri zili kumeneko.

Sayansi ya nkhaniyi ndi yosavuta kuimva. Galimoto ikawirikiza liwiro kawiri, mphamvu imene imawombera chinthu imawirikiza kanayi. Mtunda umene imakwekwereza matayala isadaime nawonso umawirikiza kanayi. Tiyeni tiyerekeze. Galimoto yothamanga makilomita 40 pa ola imayenda mamita 11 pa sekondi imodzi. Dalaivala akaona mwana wapanjinga wapendekera mumsewu, imatha sekondi imodzi kapena kuposerapo phazi lisadafike pa buleki, ndipo kuti galimoto iimiretu pamafunika mamita pafupifupi 20. Galimoto yothamanga makilomita 80 pa ola imayenda mamita 22 pa sekondi, ndipo kuti iime pamafunika mamita pafupifupi 60, kuposa theka la bwalo la mpira. Uku n'kuwerengera phula louma, matayala abwino ndi dalaivala wosaledzera komanso wosasinza. Lole yodzaza katundu imafuna mtunda wotalikirapo.

Thupi la munthu lili ndi malire a zimene lingapirire. WHO imati munthu wowombedwa ndi galimoto yothamanga makilomita 65 pa ola ali pachiopsezo cha imfa chochuluka kanayi ndi theka kuyerekeza ndi wowombedwa pa liwiro la makilomita 50. N'chifukwa chake maiko atakumana ku Stockholm mu February 2020 adagwirizana kuti pamene galimoto zikusakanikirana ndi oyenda pansi komanso njinga, liwiro lisamapitirire makilomita 30 pa ola. Mfundo imeneyi ili ndi mbali ziwiri. Pamene anthu ndi galimoto sangalekanitsidwe, monga pamsika wa Khombedza kapena pa Siyasiya, liwiro litsike. Pamene galimoto zikuyenera kuthamanga, monga pakati pa msika wina ndi unzake, anthu apatsidwe njira ina.

Palinso vuto la mphepo limene wakabaza aliyense amalidziwa. Lole yaikulu ikamakupitirira, mphepo yake imayamba yakukankhira kutchire, kenako n'kukukokera kumatayala akumbuyo. Munthu amene wakweza matumba awiri a chimanga kapena mayi wobereka mwana sangawongole chiwongolero msanga. Malamulo a ku France amalamula dalaivala kusiya mpata wa mita imodzi ndi theka akamapitirira njinga kunja kwa tauni. Pamsewu wathu, galimoto ziwiri zikakumana pomwe pali njinga, mpata umenewo supezeka. Wapanjinga amangomva hutala n'kudziponya m'mbali. Dzuwa likalowa cha m'ma 6 koloko vuto limakula, poti njinga zambiri zilibe nyali ngakhale tonyezimira takumbuyo.

Timakonda kunena kuti ngozi siona nkhope, kapena kudzudzula wakabaza kuti sadziwa malamulo a pamsewu. Kuphunzitsa malamulo n'kofunika, ndipo nthambi ya boma yoona za pamsewu ya DRTSS pamodzi ndi apolisi apitirize kutero. Koma munthu ndi munthu, tsiku lina adzalakwitsa. Dalaivala adzayang'ana pafoni, mwana adzazemba dzenje osacheuka. Msewu wokonzedwa mwanzeru ndi umene umapangitsa kuti kulakwitsa kotere kuthere pa chilonda cha pabondo, osati pa maliro.

Njira nayo ndi mbali ya chipatala

Akatswiri a uchembere wabwino amaphunzitsa za kuchedwa kutatu kumene kumapha amayi oyembekezera: kuchedwa kuganiza zopita kuchipatala, kuchedwa panjira, ndi kuchedwa kulandira thandizo atafika. Kafukufuku wa 2015 mpaka 2016 uja adapeza kuti amayi 439 ankamwalira pa ana 100 000 alionse obadwa amoyo. Kuchedwa kwachiwiriko ndi nkhani ya njira. Mtunda wa makilomita 8 umatenga maola awiri kwa munthu woyenda pansi. Panjinga, njira ikakhala yolimba, ndi mphindi 40. Njinga yomweyo ikalowa mumchenga wa kufupi ndi nyanja kapena m'matope a dothi lamakande nthawi ya dzinja, wopalasa amatsika n'kuyamba kukankha, ndipo phindu la njinga limathera pomwepo.

Mwana amene wakomoka ndi malungo, munthu wolumidwa ndi njoka, mayi amene akutaya magazi atachira, onsewa akulimbana ndi nthawi. Midzi yambiri idalandirapo njinga za ambulansi kuchokera kumabungwe, koma kangolo ka njingazi kamafuna njira yotakasuka ndi yosalala. Kukokera wodwala wogona m'mphepete mwa M5 malole akudutsa n'kuika moyo wa anthu awiri pachiswe. Alangizi a zaumoyo nawo amayenda panjinga ndi katemera amene safuna kutenthedwa nthawi yaitali. Anthu amene amamwa ma ARV kapena mankhwala a TB, a BP ndi a shuga amabwerera kuchipatala kawirikawiri, ndipo ulendo ukakhala wovuta kapena wodula ena amadumphitsa tsiku lawo.

Pali phindu linanso limene sitiliwerengera. WHO imalangiza munthu wamkulu kugwiritsa ntchito thupi mwamphamvu pang'ono kwa mphindi zosachepera 150 pasabata, ndipo ana ola limodzi patsiku. Anthu a kwa Khombedza amene amalima ndi kupalasa amapitirira mlingo umenewu osadziwa n'komwe. Koma zinthu zikusintha. Njinga zamoto zachuluka, ndipo kholo limene likuopa msewu limalolera kulipira yamoto kapena kumuuza mwana akhale kunyumba. Kafukufuku wa matenda osapatsirana wa 2009 adapeza kuti munthu wamkulu mmodzi mwa atatu alionse m'dziko muno adali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi. Maiko olemera akuwononga ndalama zankhaninkhani kunyengerera anthu awo kuti abwerere panjinga. Ife anthu athu akadali panjinga, ndipo chofunika n'kungowateteza kuti asaithawe.

Tisaiwale fumbi. Msewu wafumbi umene mumadutsa galimoto umabulitsa tinthu ting'onoting'ono timene timalowa mpaka m'mapapo, n'kumautsa chifuwa ndi mphumu komanso kuyabwitsa maso, makamaka kwa ana ndi okalamba. Njinga yakapalasa sibulitsa fumbi lotero. Njira yopanda galimoto, yobzalidwa mitengo monga misangu, nimu ndi mango m'mbali, imapatsanso mthunzi, ndipo amene adayendako ku Salima mu October akudziwa mtengo wake wa mthunzi.

Bwanji nsangalabwi osati phula?

Yankho lili pa chimene chimawononga msewu. Pakati pa 1958 ndi 1960 mainjiniya a ku America adayesa misewu poyendetsapo malole a kulemera kosiyanasiyana usana ndi usiku m'chigawo cha Illinois. Adapeza kuti kulemera kogwera pa ekiselo imodzi kukawirikiza kawiri, kuwonongeka kwa msewu kumawirikiza ka 16. Kukawirikiza kakhumi, kuwonongekako kumawirikiza ka 10 000. N'chifukwa chake msewu wa malole umafuna maziko okhuthala ndi phula lodula. Njinga yonyamula munthu ndi matumba awiri siifika n'komwe pa mlingo woti mainjiniya aiwerengere. Ndalama zomangira kilomita imodzi ya msewu wa phula zikhoza kukonza makilomita ambiri a njira ya njinga.

Mdani wa njira yotere ndi madzi. Choncho luso lonse lagona pa kuwachotsa msanga. Njira ikhale yotakata mamita atatu, ngati zambiri za ku France, kuti njinga ziwiri zonyamula katundu zizitha kupatukirana. Pakati pakhale potumphuka ngati msana wa ng'ombe, kutsetsereka masentimita anayi kapena asanu pa mita iliyonse, kuti madzi a mvula azitsikira m'ngalande za m'mbali. Podutsa timitsinje ndi m'madambo paikidwe makalavati kapena timilatho. Pamchenga ndi pamakande payambe payalidwa dothi lolimba, kenako nsangalabwi kapena fumbi la kwale, kuwaza madzi n'kutsendera. Tayala la njinga limapepuka pamalo olimba chifukwa silititimira. Pamchenga mphamvu zambiri za wopalasa zimathera pokumba kanjira m'malo mopita patsogolo.

Chenjezo limodzi lazaumoyo ndi lofunika kwambiri kudera ngati lino. Maenje okumbamo dothi asasiyidwe apululu. Madzi akadikha m'menemo amaswetsa udzudzu wa malungo komanso nkhono zofalitsa likodzo, matenda amene akuvutitsa kale anthu a m'mphepete mwa nyanja, ndipo ana amamiramo. Kukwirira maenjewa kulembedwe m'pangano la ntchito kuyambira pachiyambi.

Ubwino wina ndi woti ntchito yotere imatheka ndi makasu, mapiki, mawilibala ndi kamakina kotsendera. Anthu a m'midzi yathu adaigwirapo kuyambira nthawi ya MASAF m'zaka za m'ma 1990 mpaka ntchito zachitukuko zolipidwa za masiku ano. Ndalama yake imatsala m'mudzi momwemo.

Mafunso oyenera kuyankhidwa

Wina anena kuti anthu akufuna phula, ndipo kuwapatsa njira yadothi n'kuwabwezera m'mbuyo. Misewu yopita kumadera monga Thavite ndi Chikombe ikufunikadi kukonzedwa kuti ambulansi ndi galimoto za katundu zizifika nyengo zonse, ndipo palibe akuti ntchito imeneyo iime. Koma phula silidzafika m'mudzi uliwonse m'zaka khumi zikubwerazi, ndipo likafika limabwera ndi liwiro lomwe lija. Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Njira ya njinga tikhoza kuikonza chilimwe chikubwerachi.

Wina ati msewu watsopano ukakhala ndi mpata wa phula m'mbali ndiye kuti vuto latha. Mpata umenewo umathandiza, ndipo ndi bwino kuti ukhalepo. Koma taonani zimene zimachitika m'misika ya m'mphepete mwa misewu yathu yonse. Mpatawo umasanduka poima maminibasi, poyala tomato, poyanika chimanga ndi popitirirana galimoto. Mzere wa penti suletsa tayala la lole. Chimene chimateteza ndi ngalande, mitengo kapena mtunda wa mamita angapo pakati pa phula ndi njinga.

Funso lovuta kwambiri ndi la njinga zamoto. Zipilala ziwiri pakhomo pa njira zikhoza kutsekereza galimoto, koma yamoto idzadutsa. Ikaloledwa kuthamanga mmenemo, ngozi imene tikuithawa pa M5 tidzakhala tangoisamutsira pafupi ndi makomo a anthu. Maganizo anga ndi akuti njinga zamoto zikhale pamsewu wa galimoto, kupatula ikanyamula wodwala kapena pomwe palibiretu njira ina yofikira kumudzi, ndipo apo iziyenda pa liwiro la njinga yakapalasa. Wapolisi sangaime panjira iliyonse. Amene angasunge lamuloli ndi mafumu kudzera m'malamulo a m'mudzi, pamodzi ndi makomiti a kabaza a pasiteji, amene amadziwana mayina ndipo amalangana kale wina akaphwanya pangano. Eni njinga zamoto akhale nawo pokambirana kuyambira tsiku loyamba, chifukwa ana awo nawonso amapita kusukulu pansi.

Ngolo nazo zili ndi mbali ziwiri. Ng'ombe pamsewu wa phula usiku ndi ngozi yoopsa, koma ziboda ndi matayala a ngolo yodzaza zimakumba njira yonyowa. Njira yapakati ndi kulola ngolo m'chilimwe, nthawi yotuta, n'kuziletsa mvula ikagwa mpaka pansi pataumanso.

Nanga achifwamba? Njira yodutsa patchire lopanda anthu ikhoza kukhala msampha kwa atsikana opita kusukulu ndi ochita geni obwerera ndi ndalama madzulo. Pa ichi tisatengere France, kumene okonda kupalasa amafuna malo aphee. Njira zathu zidutse m'midzi, pafupi ndi mijigo, zigayo, masukulu ndi nyumba zopemphereramo, ndipo udzu wa m'mbali uzitchetchedwa. Njira imene pamadutsa anthu ambiri imadzilondera yokha.

Za malo, kwa Khombedza kulibe njanji yakufa yoti tiisandutse njira. Njanji imene idafika ku Salima mu 1935 idakhotera ku Lilongwe, ndipo imeneyo tikuifuna kuti izinyamula katundu n'kuchepetsa malole pamsewu. Chimene tili nacho ndi tinjira tachidule timene mapazi ndi matayala a njinga adatilambula kale, kulumikiza mudzi ndi mudzi, sukulu ndi msika. Kumeneko ndiko koyambira. Pomwe njira ikufunika kukulitsidwa n'kudya mizere ya munda wa munthu, mwini munda amvedwe ndipo apepesedwe motsata malamulo a malo a 2016. Manda alambalalidwe. Chitukuko cholanda wamasiye mizere itatu popanda kukambirana chimabala udani umene umakhala nthawi yaitali kuposa njirayo.

Pomaliza pali kusamalira. Tili ndi mijigo yakufa ndi milatho yogumuka yokwanira kutiphunzitsa kuti kumanga n'kosavuta kuposa kusunga. Njira yadothi imafuna munthu woti mvula isadayambe atsegule ngalande ndi makalavati, ndipo ikatha akwirire mokumbika. Kilomita iliyonse kapena awiri akhale ndi munthu kapena kalabu yake yodziwika, yolipidwa kangachepe koma panthawi yake. Ngati ndalama yosamalira palibe, ndi bwino kukonza makilomita asanu osamalika kusiyana ndi makumi awiri oti dzinja limodzi liwakokolole.

Ena angaganize za alendo okaona malo. N'zoona kuti kumalo osungira nyama a Kuti, kufupi ndi tauni ya Salima, alendo amapalasa njinga m'tinjira tafumbi pakati pa mbidzi ndi agwape, ndipo alendo a ku Senga Bay akhoza kukopeka ndi njira yabwino yodutsa m'midzi mpaka kunyanja. Akabwera adzagula mango, nsomba yootcha ndi madzi, ndipo tidzawalandira. Koma njira ilembedwe poyang'ana komwe mayi wapakati ndi mwana wasukulu akupita. Alendo adzatsata pambuyo.

Tiyambire pati?

Choyamba ndi kuwerenga. Kwa sabata imodzi, ophunzira a sekondale, aphunzitsi awo ndi alangizi a zaumoyo aime pamalo angapo pa M5 ndi pamphambano za misewu yafumbi n'kulemba kuchuluka kwa njinga, oyenda pansi, ngolo, njinga zamoto ndi galimoto, komanso kumene akuchokera ndi kumene akupita. Mabuku a pachipatala cha Khombedza, a pachipatala chachikulu cha Salima ndi a kupolisi aonedwe kuti tidziwe malo amene anthu amavulalira kawirikawiri. A kabaza afunsidwe, poti palibe injiniya amene amadziwa pomwe pali mchenga, matope ndi ngodya yoopsa kuposa iwo. Ntchito imeneyi imafuna makope ndi mapensulo basi.

Chachiwiri ndi kusankha njira imodzi, ya makilomita asanu kapena kucheperapo, yolumikiza midzi ya anthu ambiri ndi chipatala, sukulu ndi msika, imene ingachotse anthu ochuluka pa phula. Iikidwe m'mapulani a komiti ya chitukuko ya m'mudzi ya VDC, ipite ku ADC mpaka ilowe m'dongosolo la chitukuko la boma la Salima. Thumba la CDF, thumba la chitukuko la khonsolo ndi ntchito zachitukuko zolipidwa zikhoza kugawana mtolowu. Mutu umodzi susenza denga.

Chachitatu chikukhudza boma lalikulu. Bungwe la Roads Fund Administration limatolera ndalama za misewu kudzera pa mafuta a galimoto, ndipo ena amati wapanjinga salipirako kanthu. Koma mtengo wa mafuta umalowa mu sopo, mchere, feteleza ndi tayala la njinga limene iye amagula, choncho naye amasonkha. Tikufunika mfundo yonga ya ku France ya 1996, yoti msewu waukulu uliwonse ukamakonzedwa, pulani ya njinga ndi oyenda pansi izikhala mbali ya kontirakiti. Makina, nsangalabwi ndi mainjiniya zimakhala zili kale pamalopo, ndipo kuwonjezera njira yapambali panthawiyo n'kotchipa kuposa kudzabwereranso patapita zaka. Mumzinda wa Lilongwe misewu ina yatsopano ili ndi malo a njinga. Anthu a ku Khombedza, amene amadalira njinga kuposa a mumzinda, asakhale otsiriza kuganiziridwa.

Chachinayi, pomwe njira ya njinga ikudutsa M5, komanso pamisika ndi pamasukulu a m'mbali mwa msewu, pakhale zitunda zochepetsa liwiro, zikwangwani ndi mizere yowolokera yooneka bwino. Malo odutsana ndi amene amakhala oopsa kwambiri panjira zoterezi, ngakhale ku Ulaya.

Maiko a m'bungwe la United Nations, kuphatikizapo Malawi, adalonjeza kuchepetsa ndi theka imfa ndi kuvulala kwa pamsewu pakati pa 2021 ndi 2030. Lonjezo limeneli silingakwaniritsidwe ndi misonkhano ya m'mahotela a ku Senga Bay. Lidzakwaniritsidwa kilomita ndi kilomita m'malo ngati Khombedza, Siyasiya ndi Benga. Bungwe lomweli lidakhazikitsa 3 June kukhala tsiku lokumbukira njinga padziko lonse kuyambira mu 2018. Mvula imakhala itatha, anthu atakolola, dothi likadali ndi chinyontho chothandiza kutsendera. Makomiti a VDC ndi ADC a kwa Khombedza, makhansala ndi phungu wa deralo akhoza kuika nkhaniyi pamndandanda wa msonkhano wawo wotsatira, kuti pofika tsiku limenelo kuwerenga kukhale kutachitika, njira yoyamba itasankhidwa, ndipo makasu atayamba kugwira ntchito.